Subaru yachikasu akunditsatsayi: ndi RA-R yeniyeni, kapena ndikufuna kugula baji?

Boxer_wa_Chilomoni
Akuluakulu, ndithandizeni ndisanalire. Pali Subaru Impreza STI ya hawkeye, ija ya nyali zosongoka ngati maso a kabawi, mapepala akuti ya 2006, yachikasu, ili pagalaja ina kuno ku Blantyre. Inalowera ku Dar zaka zingapo zapitazo, mwini wake akuti akusamuka. Dobadoba amene akuyendetsa nkhaniyi akulumbira kuti ndi Spec C Type RA-R, mtundu wosowa wa STI, ndipo pabuti palidi baji yolembedwa choncho. Mtengo akutchulawo munthu ungagule puloti ku Chileka n'kukumba maziko. Ndayiyendetsa kuchokera pa Ginnery Corner mpaka ku Limbe, ikuthamanga ngati yaona njoka, koma kwa ine STI iliyonse imathamanga choncho. Mafunso anga awiri. Ndingadziwe bwanji kuti ndi yeniyeni? Ndipo ngati ndalamayo ilipo, yabwino ndi iti pakati pa RA-R, S204 ndi Spec C wamba?

Ras_Turbo
RA-R ku Blantyre? Kkkkk. Ndiye ine kwathu ku Mbayani ndaweta mkango.

Makaniko_Wakale
Mphwanga, usathamangire kuseka kapena kulipira. Tiyambe ndi zosavuta. Tsegula boneti, yang'ana pachitsulo chimene shock yakutsogolo imamangidwapo. Pali kapuleti kachitsulo, ndipo mzere umodzi walembedwa kuti applied model. Uyamba ndi GDB, ndiye chilembo chachinayi ndicho chikunena mbadwo wa galimotoyo. A ndi B ndi zija za nyali zozungulira, ma bugeye, za 2000 ndi 2001. C, D ndi E ndi za nyali zimene a ku Japan amati maso a misozi, ma blobeye, kuyambira kumapeto kwa 2002. F ndi G ndiye hawkeye, F ya 2005, G ya 2006.

Tsono RA-R inatuluka mu November 2006, inapangidwa 300 yokha, ndipo zonse ndi G. S204 ndi F. S203 ndi E. S202 ndi B. Ukapeza chilembo chosagwirizana ndi baji, nkhani yathera pomwepo, usatayenso nthawi kumvera ekizozi.

Chikagwirizana, gwada uyang'ane mabuleki akutsogolo. STI wamba ili ndi ma Brembo agolide a mapisitoni anayi. RA-R ili ndi akuluakulu a mapisitoni asanu ndi limodzi, ndipo malimu ake ndi a 18. Kenako utiuze.

Boxer_wa_Chilomoni
Zikomo madala. Malimu ndi a 17, koma akuti mwini wake anasintha chifukwa cha maenje, a 18 anapindika. Mabuleki sindinawerenge, ndinaona kuti ndi agolide basi.

Ras_Turbo
Agolide. Basi tatha, tiyeni tikagone.

Nachisale_STI
Ras, mumuleke munthu afunse, safunsa anadya phula. Koma achimwene a Boxer, pamalimupo ndiye pakundikayikitsa. Mabuleki a RA-R ndi aakulu, limu ya 17 yapa STI wamba sikuti ingangolowa bwinobwino. Ndiye ngati ili pa 17 ndi mabuleki agolide, ndiye kuti munthu anachotsa mabuleki odula n'kuika otsikirapo. Ndani angachite zimenezo? Amene amasintha amakweza, satsitsa.

Achimwene_Leeds
Ndilowererepo, chifukwa kuno ku UK magalimoto amenewa amasakidwa kwambiri ndipo ndakhala ndikuwaona pamisonkhano ya eni ake. Funso lachiwiri lija, loti yabwino ndi iti, anthu amalilakwitsa chifukwa amayang'ana mphamvu. S202, S203, S204 ndi RA-R zonse zinalembedwa 320 PS, ndiye kuti mahatchi 320. STI wamba ya ku Japan ndi Spec C zinalembedwa 280 PS, nambala imene makampani a ku Japan anagwirizana kuti asamadutse mpaka 2004, ngakhale aliyense amadziwa kuti injini zina zinkapitirira. Ndiye papepala zinayi zija n'zofanana. Kusiyana kwake ndi cholinga.

S202 ya 2002 inamangidwa pa Spec C, inapangidwa 400, yopepuka, 1330 kg, yaukali, yaphokoso m'kati. S203 inasintha maganizo onse: anaimanga pa STI wamba, osati pa Spec C, anapanga 555, anaika mipando ya Recaro ya carbon, malimu a BBS a 18, n'cholinga choti ipikisane ndi magalimoto a ku Germany pa ulendo wautali. S204 ya 2006 inapitiriza njira yomweyo, 600, anawonjezera ma damper amene anapanga mogwirizana ndi Yamaha oti thupi la galimoto lisamanjenjemere. Imalemera pafupifupi 1450 kg. Ndiye anthu amene ankakonda ukali wa S202 anadandaula kuti STI yafewa, ndipo yankho lake linali RA-R: abwerera pa Spec C, aika injini ya 320, mabuleki akuluakulu, china chilichonse chosathandiza kuthamanga achotsa.

Mwachidule, S204 ndi yopitira ku Mzuzu osatopa. RA-R ndi yapabwalo la mpikisano. Inu bwalo muli nalo?

Zalewa_Express
Bwalo tili nalo, limayambira pa Lunzu kukathera pa Zalewa kkkk

Admin_Gulu
Zalewa_Express, mseu umenewo uli ndi ana asukulu, njinga za makala ndi mbuzi. Pano sitilimbikitsa zothamangitsana pamseu wa anthu. Chenjezo loyamba.

Zalewa_Express
Nthabwala chabe bwana admin.

Mphunzitsi_Dedza
Pepani ndifunse za umbuli. RA amatanthauza chiyani? Ndipo 555 ija ndimaiona paliponse pa Subaru zabuluu, ndi nambala ya chiyani?

Achimwene_Leeds
Si umbuli aphunzitsi. RA ndi Record Attempt. Mu January 1989, Subaru inatenga ma Legacy kupita nawo ku Arizona ku America, n'kuyendetsa makilomita 100,000 usana ndi usiku, liwiro lapakati kupitirira 223 km/h, n'kuswa rekodi ya dziko lonse. STI yomwe, nthambi ya Subaru yoona za mpikisano, inali itangokhazikitsidwa mu 1988. Kuchokera apo zilembozo amaziika pa magalimoto opepuka opangira ochita mpikisano. Pa GC8, Impreza yoyamba ija, Type RA inkabwera ndi mawindo opukusa pamanja, kabowo ka mpweya padenga, magiya afupiafupi. 555 ndi dzina la ndudu, State Express 555, amene ankathandiza timu ya rally ya Subaru nthawi ya dalaivala Colin McRae. N'chifukwa chake S203 anaipanga 555.

Gogo_GC8
Mwatchula GC8 ndiye mwandidzutsa. Ana inu mukukangana za GDB ngati ndiyo Subaru. Subaru inathera mu 2000. GC8 inali yopepuka, umamva mwala uliwonse m'manja. McRae anatenga ukatswiri wa rally wa dziko lonse mu 1995 pa GC8, ndipo kampani inapambana zaka zitatu zotsatizana, 1995, 1996, 1997. Safari ya ku Kenya ya 1997 anapambana McRae yemweyo pa Impreza, ife tikumvera pawailesi. Pokondwerera zimenezo ndi zaka 40 za Subaru ndiye anatulutsa 22B mu 1998: zitseko ziwiri, thupi lotambasuka ndi 80 mm, injini ya 2.2, 400 za ku Japan, 16 za ku UK, 5 za ku Australia. Imeneyo ndiye galimoto yosowa. Zinazi ndi zokongoletsa.

Ras_Turbo
Gogo, inu 22B munaionapo ndi maso?

Gogo_GC8
Pa kalendala ya 1999 imene ili m'galaja mwanga mpaka lero. Ndipo sindichotsa.

Achimwene_Leeds
Gogo akunena zoona pa kusowa, koma 22B tiichotse m'nkhani ino, si ya anthu ngati ife. Ija inali ya McRae mwiniwake inagulitsidwa kuno mu 2023 pamtengo wopitirira mapaundi 400,000. Chimene chikutikhudza n'chakuti America ili ndi lamulo loti galimoto ikakwana zaka 25 itha kulowa popanda zovuta za malamulo awo a chitetezo. GC8 zonse zinakwana kale, ndipo mitengo ku ma auction a ku Japan inalumpha. S202 ikwana mu 2027, RA-R mu 2031. Amalonda akuzisunga kale m'mashedi kudikira. Ndiye dzifunseni: galimoto imene anthu a ku Japan, UK, Australia ndi America akuilimbirana, mwa 300 zokha, zachikasu zinali 50, inapezeka bwanji pagalaja ya ku Blantyre osadziwika ndi aliyense pagulu lino?

Evo_Kapena_Imfa
Mavuto onsewa ndi a Subaru. Gula Mitsubishi Lancer Evo aise. Injini yake ya 4G63 sifuna miyambo yonseyi. Tommi Mäkinen anatenga ukatswiri kanayi motsatizana, 1996 mpaka 1999, pa Lancer. Evo VI ya dzina lake ija ndiyo galimoto.

Nachisale_STI
Ndipo Mäkinen wanuyo mu 2002 anasamukira kuti? Ku Subaru. Khalani pansi.

Evo_Kapena_Imfa
Atakalamba.

Makaniko_Wakale
Evo nayonso ili ndi nkhani yomweyi, baji ya Tommi Mäkinen pa Evo GSR wamba yopentedwa yofiira, ndinaionapo. Ndipo pampu ya AYC, yogawira mphamvu ku matayala akumbuyo pakona, ikafa mudzandiuza komwe mukaipeze ku Malawi kuno. Tibwerere kwa mnyamatayu.

Boxer, ndikupatse mayeso ena awiri osafuna kompyuta. Tenga maginito, ngakhale ya pa sipika yakufa. Boneti usayese, ndi ya aluminiyamu pa STI zonse. Yesa chitseko cha buti. Pa Spec C ya hawkeye chitseko chimenecho ndi cha aluminiyamu, maginito sigwira. Pa STI wamba ndi chachitsulo, igwira. Kenako tsegula butiyo. Spec C ili ndi thanki ya madzi ya malita 12 kuseri kwa mpando wakumbuyo, yothirira intercooler, chija choziziritsa mpweya wa turbo. STI wamba ili ndi yaing'ono. Pomaliza suzumira kutsogolo kuseri kwa bampa, uone ngati pali karediyeta kakang'ono koziziritsa oyilo wa injini. RA-R ndi Spec C yowonjezeredwa, ndiye zinthu zitatuzi ziyenera kukhalapo. Zikasowa, si RA-R, si Spec C, ndi STI yovala suti yobwereka.

Uonenso wotchi ya ma rev. Injini ya EJ207 ya ku Japan, ya 2.0, mzere wofiira uli pa 8000. Ukaona 7000 ndiye ndi EJ257 ya 2.5, ya misika yakunja, mwina inachokera ku South Africa kapena ku UK, sinadutse ku Dar ayi.

Ba_Kabwata
Muli bwanji ba Malawi. Ine nili ku Lusaka, nili na blobeye Spec C ya E, inabwera via Nakonde. Vamene bakamba ba Makaniko ni zoona, maginito sigwira pa boot yanga. Koma nikuuzeni chimodzi chamene sibakuuzani ba ma internet. Spec C ili na magalasi yoonda, na deadening ing'ono maningi. Ku Great East Road kuyenda ku Chipata, ukafika mutu ubaba na chongo. Bakazi banga banakana kukweramo kachiwiri. Ngati ni motoka imodzi chabe ya panyumba, gulani STI ya normal.

Mayi_a_Tadala
Ine ndili pagulu lino kuti ndizidziwa komwe ndalama za kunyumba kwathu zikupita, amuna anga amadziwa. Akazi a ku Lusaka aja ndikuwamvetsa. Ya kwathu si Spec C koma pa hampu iliyonse ya ku Area 25 ine ndi ana timatsika kuti idutse chopingasa. Mukufuna malimu a 18 ndi matayala opyapyala a 235/40 pamiseu imene mvula ikagwa kamodzi dzenje limameza njinga? Ndipo matayala a saizi imeneyo muwagula kuti, pa ndalama zanji? Ndimangofunsa.

Zalewa_Express
Amuna anu ndi ndani mayi, tiwapepese kkkk

Mayi_a_Tadala
Akuwerenga. Akudzidziwa.

Kanengo_Clearing
Mbali ya mapepala ndithandizepo, ndi ntchito yanga. Galimoto iliyonse yochokera ku Japan imabwera ndi export certificate, ndipo pamenepo pamalembedwa chassis, mwezi ndi chaka chimene inalembetsedwa koyamba, kulemera kwake, ndi makilomita amene inali nawo pamayeso awo a boma omaliza. Mufunseni mwini wake kope lake, kapena mapepala amene anachotsera pa Songwe. Ngati inalembetsedwa koyamba November 2006 asanafike, si RA-R. Muonenso kulemera. RA-R ndi 1390 kg, STI wamba imapitirira pamenepo ndithu.

Ngati inadutsa pa auction, ndi nambala ya chassis mutha kulipira kandalama pang'ono pa intaneti n'kuona auction sheet yake. Pamenepo pali dzina lenileni la giredi, mtundu wa penti imene inatuluka nayo, ndipo mukaona R ndiye kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Nambala ya penti ilinso pa kapuleti kamene a Makaniko anena. Galimoto yachikasu yokhala ndi nambala ya penti yabuluu ndiye mwadziwa.

Ndipo amene mukuganiza zoitanitsa nokha S204 lero, kumbukirani kuti msonkho kuno umakwera galimoto ikakhala yakale, ndiye ya 2006 mulipira ngati mwalakwa. Osanena za kupeza madola.

Altezza_Boy
Nkhani ya mabaji imeneyi inandipweteka ine. Ndinagula Altezza kwa munthu wina ku Lilongwe, kumbuyo RS200, ine osadziwa kanthu. Nditapita kwa makaniko kukasintha mapulagi ndi pamene anandifunsa kuti bwanji RS200 yanu ili ndi masilinda sikisi. Inali AS200 ya 1G-FE, 160 PS. RS200 yeniyeni ili ndi 3S-GE ya masilinda anayi, mutu wake wolembedwa BEAMS, 210 PS pa manual. Wogulitsa uja foni inazima mpaka lero. Baji ndinaisiya pomwepo, ndimanamiza nayo ena pa ma robot.

Ras_Turbo
Ndiye matendawa amafala chonchi.

Mphunzitsi_Dedza
Funso lina. Mnzanga ali ndi WRX yakale imalira du-du-du-du, koma ndinamva STI ina yatsopanoko ikulira mosalala ngati Honda. Yachiwiriyo inali yabodza?

Makaniko_Wakale
Ayi aphunzitsi, mwina ndiyo inali yeniyeni kuposa inayo. Kulira kwa du-du-du kumabwera chifukwa mapaipi a ekizozi ochokera mbali ziwiri za injini ndi osiyana kutalika, utsi umafika ku turbo mosinthanasinthana. Kuyambira pa C, kumapeto kwa 2002, STI za ku Japan anaziika mapaipi ofanana kutalika ndi turbo ya twin scroll. Turbo imadzuka msanga, injini imapuma bwino, koma kugunda kuja kunatha. Za 2.5 zakunja zinapitiriza kugunda. Ndiye hawkeye imene akuti ndi RA-R ikamagunda ngati ng'oma ya gule, pali chimene chinasinthidwa, kapena injini si yake.

Boxer_wa_Chilomoni
Iyi ikulira mosalala. Ndinadandaula nazo mumtima, ndimaganiza kuti ndi vuto.

Gogo_GC8
Ndi vuto ndithu. Subaru yosagunda ndi Corolla ya mapiko.

Namiwawa_Resident
Kaya igunde kaya isagunde, amene mumadutsa mseu wa ku Namiwawa 1 koloko usiku ndi ma ekizozi otsegula, Mulungu akukuonani. Tili ndi makanda.

Nachisale_STI
Amenewo si ife achimwene, ndi a ma Mark X odula ma silencer.

Koma ndibwerere pa funso lachiwiri, chifukwa ndikuona tonse tathamangira kugwira wakuba, funso loti yabwino ndi iti latsalira. Ine ndili ndi hawkeye STI wamba ya G, chaka chachinayi tsopano, ndimayendera Lilongwe ndi Salima pafupifupi sabata iliyonse. Ndikuuzeni zimene galimoto imeneyi imafuna kuno, ndiye muone nokha ngati 320 PS ikukuthandizani.

Choyamba mafuta. Injini zimenezi anazitchunira petulo wa ku Japan amene amati high octane, wa 98 mpaka 100. Wathu safika pamenepo, ndipo nthawi ya kusowa kwa mafuta ena timagula wa m'zigubu wosadziwika chimene anathiramo. Injini ikayamba kugogoda pa boost, kompyuta imabweza timing, mphamvu imatsika, ndipo ukaumirira pisitoni imasweka m'mbali mwa ma ring. Yanga ndinaichititsa remap, kuchuna kompyuta ya injini, yotsitsa, osati yokweza. Ndinataya mahatchi angapo, ndinagula mtendere. Tsono S204 kapena RA-R, imene mtengo wake wonse wagona pa injini yochunidwa mwapadera ya 320, mukaibweretsa kuno muyeneranso kuitsitsa. Ndiye mwalipira chiyani?

Chachiwiri kutentha. Intercooler ili pamwamba pa injini. Ukaima pamzere wa magalimoto mu October imaphika, ukanyamuka galimoto imakhala yaulesi. Apa ndiye Spec C imandichititsa nsanje: thanki ya malita 12 ija ndi oil cooler ndi zinthu zogwira ntchito kuno, osati zokongoletsa. Amene anakwerapo mapiri a ku Chikwawa kapena Khwekhwelere masana adziwa.

Chachitatu masipeyala. Clutch, timing belt ya pa 100,000 km, ma bush, ma bearing, zonsezi STI wamba ndi Spec C zimagwirizana zambiri, ndipo ku Johannesburg zimapezeka. Koma disiki ya buleki ya RA-R, kapena mpando wa Recaro wa S204 ukang'ambika, kapena limu imodzi ya BBS ikasweka pa dzenje la pa Nkhamenya, muyitanitsa ku Japan ngati ilipo n'komwe, galimoto ili pa mathanthwe miyezi itatu.

Ndiye kwa ine, woyendetsa: Spec C ya 17 inch ngati muli ndi galimoto ina ya banja, STI wamba ngati mulibe. S204 ndi RA-R ndi za munthu wosunga, wokhala ndi galaja yotseka ndi wogula wakunja m'maganizo.

Achimwene_Leeds
Achemwali mwalankhula bwino koma pamodzi ndikutsutsani. Simunayendetsepo S204. Ine ndinayendetsapo ya mnzanga kuchokera ku Leeds kupita ku Scotland. Si nkhani ya mahatchi ayi. Injini yake mapisitoni ndi ma conrod anachita kuyeza kulemera kuti zifanane, crank anaibalansa, ndiye imakwera mpaka 8000 mosalala mosiyana ndi wamba. Chiwongolero, mipando, mmene imakhalira pakona, zonse pamodzi zimamveka kuti anthu anakhalira pansi. Remap siichotsa zimenezo. Kunena kuti ndi ya osunga okha ndi kuichepetsa.

Nachisale_STI
Pa mseu wa ku Scotland ndikuvomera. Ibweretseni pa M5 mvula itatha, tidzakambirane za crank.

Achimwene_Leeds
Kkkk apo ndagonja. Koma nanunso musagule ya kuno ku UK poganiza kuti mwapulumuka, mchere wa m'miseu nthawi yozizira umadya ma arch akumbuyo ndi pansi ponse. Za kumpoto kwa Japan kumene kumagwa chipale nazonso chimodzimodzi. Boxer, ukapita ugone pansi ndi tochi.

Joni_Hustler
Amene mukufuna masipeyala a GDB ndili ku Joburg, ndimatumiza pa bus Lachisanu lililonse, inbox.

Admin_Gulu
Malonda ndi Loweruka, Joni_Hustler. Mukudziwa.

Kanengo_Clearing
Chinanso choti muonjezere pa mndandanda, malimu. Kuyambira pa E mabowo a mabawuti anasintha kuchoka pa 5x100 kupita pa 5x114.3. Ndanena chifukwa pali anthu amatenga bugeye kapena WRX wamba n'kuiveka nkhope ya hawkeye, magalimoto amenewa nkhope zimasinthika ukakhala ndi welder wolimba mtima. Ndinaonapo ina pa border mapepala akuti GDA, ndiye kuti WRX wamba, nkhope ya STI ya 2006, giya faifi. STI ya GDB ndi giya sikisi, palibe kukambirana.

Boxer_wa_Chilomoni
Ndabwerako akuluakulu. Ndinapita ndi maginito ya pa sipika, tochi, ndi mphwanga woti azimuyankhulitsa dobadoba ine ndikugwira ntchito.

Kapuleti: GDB, chilembo chachinayi F. Mabuleki mapisitoni anayi. Nambala ya penti ndinaifufuza, ndi yoyera, ndipo nditakweza kapeti wa m'buti pansi pake mpoyera mbee. Ndiye si RA-R, ndipo sinabadwe yachikasu.

Koma tamverani izi. Maginito pachitseko cha buti inagwa pansi. Thanki ya madzi ilipo kuseri kwa mpando, yaikulu, paipi yake yolumikizidwa. Oil cooler ilipo. Wotchi 8000, giya sikisi, batani la DCCD, logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, likugwira ntchito, magetsi ake akusuntha pa dashboard. Mwini wake nditamupeza pafoni, osadzera kwa dobadoba, ananditumizira export certificate: inalembetsedwa 2005, osati 2006. Iye akuti anaigula ili yachikasu kale ndi baji yake, ndipo sananenepo kuti ndi RA-R, anangoti ndi Subaru yachikasu. Mtengo umene iye akufuna ndi wotsika kwambiri kuposa umene ndinauzidwa. Pansi dzimbiri lochepa pa ekizozi basi, koma shock yakumbuyo kumanzere ikudontha ndipo sakudziwa kuti timing belt inasinthidwa liti.

Ras_Turbo
Ndiye mkango wanga uja ndi galu, koma galu wa mtundu.

Makaniko_Wakale
Imeneyo ndi Spec C yeniyeni ya F, mphwanga, ndipo amene anaipenta anaichotsera mtengo m'malo mowonjezera. Funso latsala ndi loti anaipenteranji. Galimoto yoyera siisanduka yachikasu popanda chifukwa, nthawi zina ndi chikondi cha mtundu, nthawi zina akubisa ngozi. Usapereke ndalama usanaone auction sheet imene a Kanengo anena. Ukaiona, ubwere nayo kuno tiikweze, tione ma chassis leg akutsogolo ngati anawongoledwapo, tiyeze compression masilinda onse anayi injini ili yotentha, tidule oil filter tione ngati muli tizitsulo tonyezimira. Belt, ma idler ndi water pump uwerengere kuti usintha tsiku lomwelo, ndipo uchotse ndalama yake pamtengo.

Nachisale_STI
Mukaikana mundipatse nambala ya mwini wake ku inbox. Sindikuseka.

Gogo_GC8
Ikadali GDB.

Mayi_a_Tadala
A Boxer, akazi anu mwawauza za puloti ya ku Chileka ija?

Boxer_wa_Chilomoni
Mayi, chimodzichimodzi. A Kanengo, chassis ndakutumizirani ku inbox. Madala a Makaniko, Lachiwiri m'mawa muli pagalaja? Ndipo baji ija ndikaichotsa ndi chiyani kuti penti isasupuke?

Altezza_Boy
Ulusi wa nsomba ndi madzi otentha. Ukachotsa usataye, ndiifuna.